Chitseko Chimene Nangondo Anatsekula

Agogo a agogo athu asanabadwe, maiko anayi ogulitsana mchere ndi makasu anapangana kuti mkazi wamasiye asamalandidwe munda. Kuti pangano lisathere pakamwa, ankatumizirana alendo oyendera mvula ikamayandikira. Alendowo analibe mikondo. Mphamvu yawo inali kuona, kufunsa, ndi kukanena zonse pamaso pa maiko enawo. Koma mwambo sunkawalola kutsekula nyumba ya mwini. Ankapita kumene aperekezedwa, n'kumamva amene wabwera yekha.

M'dziko limodzi munali Nangondo, mkazi wofatsa amene anakwatiwa chitengwa. Mwamuna wake atamwalira, alamu ake anagawana munda, namusiyira chulu chokha. Iye ndi ana ake ankadya gaga ndi mizu ya kutchire, ndipo m'mimba mwake munkapota kosalekeza.

Tsiku la alendo, Chikuse, nduna yowaperekeza, anasonkhanitsa amasiye odandaula, pamodzi ndi Nangondo, m'nyumba ina yapambali. Anati dziko lisachite manyazi, za minda akambirana alendo akapita. Anakoka chitseko cha bango osaikako mpiringidzo, podziwa kuti mantha akwanira.

Nangondo ankasuzumira pamng'alu. Anaona alendo akuonetsedwa nkhokwe zodzaza, akugwedeza mitu. Anamva mlongo wake wa Chikuse, wamasiyenso, akuyamikira kuti kuno wamasiye salira kawiri. M'nyumbamo amayi ankakankhirana monong'ona. Wina anati ayambe achikulire, achikulirewo anati mpongozi wawo amadya kwa Chikuse.

"Nanga inu make Dzikolidaya, pakamwa mumatisokosa napo pachitsime paja pali kuti lero?" anatero wina kwa mayi wina wolongolola.

"Ndapaiwala pachitsime pomwepo, mnzanga."

Onse anaseka chamumtima, koma palibe amene anadzuka. Nangondo anaona alendo akunyamula ndodo zawo. Akapita, mvula imupeza alibe munda. M'mimba munapotanso. Anaimirira, nakankha chitseko.

"Mwasochera, mayi?" anatero Chikuse akumwetulira ndi mano okha. "Kuthengo n'kuseri uko."

"Sindinasochere, bambo. Ndimati alendowa akaone chulu chimene ndikulima."

Mtsogoleri wa alendo, mayi wina wamtali wa kudziko la mchere, anakhalanso pansi namufunsa zonse modekha. Amayi ena aja anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Potsazika, mlendoyo anamugwira dzanja Nangondo.

"Nyumba ija tinaiona, mwanawe, ndipo tinaikayikira. Koma ife ndife alendo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Nkhaniyo itanenedwa pamsonkhano wa maiko, amalonda a dziko lija ankasekedwa pamsika uliwonse, mpaka akuluakulu analamula kuti minda ibwezedwe. Nangondo anabzala chimanga chake ndi mvula yachiwiri, ngakhale alamu ake sanamupatsenso moni.

Mawu a mlendo uja ndiwo mwambi timanenawu: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ukutanthauza kuti amene vuto lamukhudza ndiye ayenera kuyamba kuchitapo kanthu. Lerolinso maboma amasaina mapangano oteteza ufulu wa amayi, ndipo makomiti a maiko amawafunsa mmene akuwasungira. Boma poyankha limakonda kutchula zabwino zake, n'chifukwa chake makomitiwo amamvanso mabungwe a amayi eni ake. Woyendera akhoza kukayikira, koma sangadandaule m'malo mwa munthu amene wakhala chete.