Anazimitsa Dzuwa Ndani?

Ku Mponela kunali wometa tsitsi wina, ndipo anali ndi mng'ono wake dzina lake Nyadani. Awiriwa ankakonda gemu ina ya pafoni, ya dziko limene dzuwa linazima kalekale. Nthano ya m'gemumo inkati mfumukazi inalamula kuti dzuwa litsekeredwe mumtsuko, wosula zitsulo n'kupanga chivundikiro chake. Koma wolakwa weniweni, eni gemu sanamutchule.

Wometa uja ankati ndi mfumukazi, poti mawu anatuluka m'kamwa mwake. Nyadani ankati ndi wosula, poti akanatha kukana. Anakangana m'shopu, anakangana panjira, anakangana pagulu la pafoni limene okonda gemuyo ankachezerapo. Tsiku lina Nyadani analemba pamaso pa onse kuti, "Achimwene mumaganiza ndi lumo." Anthu anaseka. Wometa uja, poti mwini gulu anali iye, anamuchotsa.

Kuyambira pamenepo Nyadani sanapondenso pashopu. Akakumana pamsika, wina ankayang'ana tomato, wina anyezi. Mvula inabwera n'kupita.

M'mawa wina, mayi wogulitsa mandasi anaima pakhomo. "Simukukaperekeza m'bale wanu? Ali kudepoti, akupita ku Joni."

Wometa uja mtima unamuwawa. Mlandu sunathe, kupepesa sanapepesedwe. Koma a ku Joni amabwera liti? Anatenga makina ake ometera abatire ndi kansalu, n'kutseka shopu.

Anamupeza atakhalira chikwama, tsitsi lili nyankhalala, pakuti chiyambire mkanganowo sanalole munthu wina kumugwira kumutu.

"Ndi mfumukazi ija basi," anatero wometa.

"Ndi wosula, achimwene."

"Chabwino. Weramira kuno. Sungapite kwa eni ndi mutu wotere, angati ulibe abale."

Anamukoleka kansalu m'khosi, n'kumumeta pomwepo, pakati pa matumba ndi zikwama. Nyadani sanadzutse nkhope, ndipo sikuti ankaopa tsitsi kulowa m'maso.

Abale anga, ifenso timatero. Timati tiyambe tadziwa anayamba ndani, ndiye tidzakondane. Koma milandu ina sidzatha pansi pano, ndipo basi siidikira. Mulungu sanayembekeze kuti ife tivomere kaye kulakwa. Anatilondola tikadali ndi makani athu m'kamwa, n'kutiika dzanja kumutu. Ngati muli ndi wanu amene munamuchotsa pagulu, m'moyo mwanumo, musadikire chigamulo. Pitani lero, asanakwere.