Bambo wovomera mtengo uliwonse

Mumzinda wina munali mayi wamalonda amene anali ndi kashopu pafupi ndi depoti ya minibasi. Ntchito yake inali yosintha ndalama za pa intaneti, zija amati kiripito, zosagwirika m'manja koma zokhala m'foni. Munthu akamutumizira ndalamazo, iye ankamupatsa makwacha. Kale mayiyu adagulitsapo kaunjika zaka khumi, ndiye za kunenerera mtengo palibe akadamuphunzitsa.

Tsiku lina kudabwera bambo wa suti, nsapato zili nyezinyezi. Anali ndi kiripito wokwana mamiliyoni makumi awiri, ndipo ankafuna makwacha tsiku lomwelo.

Mwachizolowezi mayi adayambira pansi, akuyembekeza nkhondo. "Ndikupatsani khumi ndi asanu, achimwene."

"Palibe vuto, mayi."

Mayi adakanda m'mutu. "Pepani, ndaphonya. Ndili ndi khumi ndi awiri."

"Zomwezo."

"Kapenatu khumi."

"Tumizani."

Abale anga, phindu la mamiliyoni khumi, munthu asadatuluke ndi thukuta lomwe! Koma mayi ankadziwa kuti mwini katundu amamva kuwawa. Wogulitsa tomato mukamuchotsera makwacha makumi asanu, amakutchulirani ana ake onse mayina, ndi sukulu zomwe amaphunzira. Nanga uyu wataya theka akumwetulira?

"Lamulo likuti ndione chiphaso chanu," adatero mayi.

"Ndachisiya m'galimoto."

Bamboyo adatuluka. Kugalimoto sadapite, adalowa m'shopu yoyandikana, ya mnyamata wa ntchito yomweyo amene sankavutitsa makasitomala ndi mafunso. Posakhalitsa mwini shopuyo, atagula kiripito uja, adasuzumira pakhomo pa mayi akuseka: "Alamu, bizinesi ndi kulimba mtima. Inu bwererani ku kaunjika!"

Mayi adatseka kashopu kake nakanena kupolisi zomwe adaona. Anzake pamsika adamutcha kazitape, ena adaleka kumupatsa moni.

Tsono kiripito ali ndi khalidwe limene akuba amaliiwala. Paliponse wadutsa amasiya mapazi, ngati mbuzi m'munda mvula itangokata. Apolisi ofufuza za ndalama adalondola mapaziwo. Kumbuyo adakafika ku gulu la aphunzitsi opuma pantchito, amene adanamizidwa naberedwa zonse adasunga. Kutsogolo adafika pa mwini shopu uja, atagawa ndalamazo m'maakaunti a mkazi wake ndi a msuweni wake kuti zioneke zoyera. Maakaunti onsewo adatsekedwa.

M'khoti mwini shopuyo adalira: "Bwana, ine sindidabe!"

Woweruza adati: "Wakuba tikumusakabe. Inu mlandu wanu ndi womuchapira ndalama zakubazo."

Aphunzitsi aja adabwezeredwa zomwe zidapezeka. Mayi sadapatsidwe mphotho iliyonse. Adangopitiriza kutsekula kashopu kake m'mawa uliwonse, apolisi akamadutsa iye osabisala kuseri kwa kauntala.

Tanthauzo lake nali, okondedwa. Woyesa sakangana nawe pa mtengo, chifukwa zomwe akugulitsa si zake. Udzati pang'ono pokha, adzavomera. Udzati kamodzi kokha, adzavomera. Udzati ndidzalapa Lamulungu, adzakufunsa ngati ukufuna akuperekeze. Choncho chinthu chikakubwerera chotchipa modabwitsa, usafulumire kuyamba nyimbo yoti Mulungu wayankha. Yamba wafunsa kuti akulira ndani kumene chachokerako, pakuti misozi yakeyo udzailipira ndiwe.