Nsapato za Ofuna Ukhansala

Panali munthu wina wosoka nsapato m'tauni ina. Ankagwira ntchito pakhonde la sitolo ya a Gomeza, ndipo eni akewo anamulola kukhalapo zaka khumi ndi chimodzi mwaulere. Tsiku lonse maso ake ankakhala pansi, moti anthu a m'dera lake ankawadziwa ndi mapazi kuposa nkhope.

Kwawo kunali kutsidya kwa kamtsinje, kumene galimoto sizifika. Pakamtsinjepo panali ulalo wa matabwa atatu, ndipo mvula ikachuluka madzi ankadutsa pamwamba pake. Chaka china mkazi wake anaterereka pamenepo atasenza dengu la masamba, nathyoka mwendo. Kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina, ndipo mwamunayo mtima unkamupweteka akamamuona.

Inafika nthawi ya mapulaimale, pamene chipani chimasankha munthu mmodzi woti akachiimire pa mpando wa khansala. Wosoka nsapato uja anali m'komiti ya chipani kudera kwawo, choncho anali ndi voti. Ofuna mpandowo anali awiri: a Gomeza, eni khonde aja, ndi mayi Nankhoma, mphunzitsi wopuma pantchito.

A Gomeza pakamwa anali napo. Anagawa zitenje zokhala ndi nkhope yawo ikumwetulira, ndipo pamsonkhano analonjeza mlatho woti ngakhale lole yodzaza njerwa idutsepo. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Mayi Nankhoma anangoti adzalimbikira kuti pakhale ulalo wachitsulo ndi ngalande ziwiri, basi. Anthu ena anayasamula.

Koma nsapato za onse awiri zinkadutsa m'manja mwa wosokayo. Za a Gomeza zinkabwera m'mawa uliwonse kudzapakidwa polishi. Zinali zokongola, kunsi kwake kosadyeka, ndipo sanapezemo ngakhale kamodzi matope akuda a kutsidya. Za mayi Nankhoma zinkabwera zitayasama kutsogolo, zidendene zitadyekera mbali imodzi, matope akuda aja atauma m'misoko. Sizinayambe ndi kampeni ayi. Anali atazisoka kwa zaka zisanu, pakuti mayiwo ankaoloka kukapepesa maliro, kukazonda odwala ndi kukafunsa za ana amene asiya sukulu.

Chomuopsa wosokayo chinali kavotedwe. Pa mapulaimale amenewa panalibe kapepala kovotera mobisa. Opikisana ankaima pabwalo atayang'ana kutsogolo, ndipo munthu ankakaima pamzere kumbuyo kwa amene wamufuna, dzuwa likuswa mtengo.

"Abambo ake a Elube, khonde lija ndi la eni," anatero mkazi wake m'mawa wa tsiku lovota. "Mukakaima kwina, mawa mudzasokera pati?"

"Sindikudziwa, amayi ake. Koma mwendo wanuwo ndimauona tsiku lililonse."

Mvula inali itagwa dzulo lake. Pabwalo la sukulu wezulo inalira, ndipo anthu anathamangira kumbuyo kwa a Gomeza, zitenje zili petupetu. Wosoka nsapato anatsala pakati. Ankachita mantha, ndipo ankachitanso manyazi kuoneka wosayamika. Kenako anatembenuka nakaima kumbuyo kwa mayi Nankhoma, kumene kunali anthu owerengeka.

Mnansi wake wina, kalipentala, anamuitana ali pamzere winawo. "Achimwene, mwasokera kodi?"

"Sindinasokere. Yang'anani pansi."

Kalipentala anayang'ana mapazi a a Gomeza, ali phuliphuli. Anayang'ana a mayi Nankhoma, ali matope okhaokha. Kenako anayang'ana ake, ndipo anaona kuti matopewo ndi amodzimodzi. Anatuluka pamzere chitenje chili m'khosi. Amene anali pambuyo pake anafunsa chifukwa, ndipo mawu aja anayenda monong'ona mpaka kumapeto. Anthu a kutsidya anayamba kusamuka mmodzimmodzi. Powerenga, mayi Nankhoma anaposa ndi anthu asanu ndi awiri.

M'mawa mwake wosokayo anapeza benchi yake ndi bokosi la zida zitaikidwa kumsewu. Zinamuwawa kwambiri, koma sanakangane ndi munthu. Anasenza katundu wake nakakhala patsinde pa mtengo wa mango pafupi ndi kamtsinje kaja. Miyezi yoyamba inali yowawa, pakuti ambiri ankaopa ulalo wamatabwa ndipo ankazungulira njira ina.

Mayi Nankhoma anapambananso pa chisankho chachikulu. Ulalo sunabwere msanga, panapita madzinja awiri. Utabwera, unali waung'ono, woti lole singayerekeze n'komwe. Koma njira ya dera lonse inayamba kudutsa pamtengo wa mango paja, ndipo ntchito inamuchulukira wosoka nsapato uja. Tsiku lina mvula ikugwa anakweza maso, naona mkazi wake akuoloka yekha, dengu pamutu, osagwira munthu dzanja.

Inu amene mudzaime pamzere chaka chino, pakhomo panu padzafika okuyankhulani mokoma, ndipo ena adzakupatsani chofunda. Musafulumire kuwomba m'manja: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funsani kumene munthuyo ankayenda asanayambe kufuna voti yanu. Amene sanapondepo matope a kwanu sangadziwe kuya kwake. Ndipo mukamudziwa woyenera, kaimeni kumbuyo kwake ngakhale mzere uli waufupi. Pali ena amene akungodikira kuti wina ayambe.