Mlembi Amene Anakana Kiyi Wamkulu

Panali mayi wina m'mapiri a ku Thyolo, dzina lake Feliya Chimtengo, mlembi wa gulu la alimi a ng'ombe zamkaka. Gululi linali ndi lamulo lokoma: ng'ombe yako ikabereka mwana wamkazi woyamba, mwanayo si wako. Umamupereka kwa mnzako amene dzina lake lili pamwamba pa mndandanda wa odikira. Ena ankadikira zaka zitatu, ena zinayi, khola atamanga kale, nsenjere atadzala kale. Choncho chinthu chimene gulu linkachisamala koposa chinali mndandandawo.

Kale mayina ankalembedwa m'kope. Chaka china chiswe chinalowa m'kabati, ndipo mayina anapulumuka mwamwayi. Atatero anawaika pa makina a kompyuta ogwiritsa ntchito anthu ambiri, aliyense ndi nambala yake yachinsinsi. Kope lodyedwalo analitaya.

Woyang'anira makinawo, bambo Sanudi, anagawa zilolezo molingana ndi ntchito ya munthu. Mlangizi wa ziweto ankalemba za katemera ndi matenda, koma mndandanda sankatha kuukhudza. Alimi ankangoona malo awo pamzere. Mlembi ankalemba mayina atsopano. Koma kufufuta dzina kunkafuna anthu awiri ogwirizana, wapampando ndi wachiwiri wake.

Zimenezi zinamuwawa Feliya. Zaka khumi ndi ziwiri akusunga kope yekha, lero makina azimuuza kuti apa musakhudze? Tsiku lina analemba dzina la mlimi kawiri, ndipo kuti limodzi lichoke anachita kudikira masiku atatu kuti wapampando abwere kuchokera kumaliro. Anapita kwa bambo Sanudi atatupa ndi mkwiyo.

"Achimwene, mwandiona kuti ndine wakuba? Ndipatseni kiyi wotsegula zitseko zonse."

"Sikuti sitikukhulupirirani, mayi," anatero bambo Sanudi. "Koma pempho lanu ndikalitula kukomiti."

Feliya anabwerera akung'ung'udza njira yonse, ndipo amene anakumana naye tsikulo moni sanamumve bwino.

Linafika tsiku lopereka ng'ombe. Woyenera kulandira anali mayi Nasiyani, wamasiye amene anadikira zaka zinayi. Kunali mwezi wa Okutobala, fumbi lili koboo. Anthu anadzaza pabwalo, amayi akuimba, kang'ombeko atakaveka maluwa m'khosi. Feliya anatsegula tabuleti ya gulu, kakompyuta ka m'manja, kuti awerenge mndandanda pamaso pa onse. Ataona fumbi pagalasi lake, anachita zimene mayi aliyense waukhondo akanachita. Anagwira nsonga ya chitenje n'kupukuta, mwamphamvu ndithu, ngati mbale yopatsira alendo. Anaiwala kuti galasi limenelo limamva chala ngakhale chitabisala m'nsalu.

Atachotsa dzanja, mayina onse anali atasankhidwa, kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Makina anali atafunsa ngati awafufute, ndipo chala chake chinali chitavomera kale. Kachizindikiro kanali kakuzungulira pakati pa galasi.

Feliya anayang'ana mayi Nasiyani, amene anali ataimirira kale akumanga bwino mpango wawo. Anaganiza za mawa, aliyense akulumbira kuti anali wachiwiri pamzere, popanda pepala lililonse lotsimikizira. Gulu limene analitumikira zaka zonsezi litha ndi ndewu chifukwa cha chitenje chake. Anachita mantha aakulu, moti nyimbo ija sankaimvanso.

Kachizindikiro kaja kanaima. Panatuluka mawu akuti: "Mulibe chilolezo chofufuta. Palibe chimene chasintha."

Anawerenga kawiri. Anayang'ana mndandanda, dzina la mayi Nasiyani lili pamwamba pomwe paja. Pamenepo Feliya anaimba nthungululu imene inamveka mpaka kutsidya la mtsinje. Analowa m'bwalo n'kuyamba kuvina, tabuleti ataikweza m'mwamba, misozi ili mbwembwembwe. Anthu anayesa akusangalalira ng'ombe, ndipo onse anamutsatira. Atapuma, anawerenga mayina ndi mawu amphamvu, ndipo mayi Nasiyani analandira chingwe cha ng'ombe yawo ndi manja awiri.

Mwambo utatha, bambo Sanudi anamupeza akumwa thobwa pamthunzi.

"Mayi, ndili ndi nkhani yabwino. Komiti yavomera pempho lanu lija. Mawa ndikupatsani kiyi wa zitseko zonse."

Feliya anaseka mpaka kugwira nthiti. "Achimwene, musayerekeze! Mukanandipatsa dzulo, bwenzi pano tikulira tonse. Ndisiyireni wanga wamng'ono yemweyu."

Ndipo anawafotokozera zonse, osabisa ngakhale za chitenje. Bambo Sanudi anakhala pansi kaye, kenako nawonso anayamba kuseka.

Tsono inu antchito atsopano amene mwalandira nambala zanu zachinsinsi za makina lero, mukayamba ntchito mupeza zitseko zina zotseka. Mtima udzakuuzani kuti akunyozani. Kumbukirani kuti Feliya sanali wakuba, sanalinso waulesi. Anali mayi waukhondo amene anaona fumbi. Nanunso tsiku lina dzanja lanu lidzalakwitsa mtima wanu usakudziwa, ndipo kumbuyo kwa chitsekocho kudzakhala munthu amene wadikira zaka zinayi. Chitsekocho chikadzakukanani tsiku limenelo, mudzavina ndithu.