Dzanja la Zala Zinayi

Kampani yokhoma mipando imene anaisiya malemu amuna awo inkakwanitsa zaka makumi atatu, ndipo Mayi anangouzidwa kuti kukhala phwando. Woyendetsa kampaniyo tsopano anali mkamwini wawo, munthu wa tayi ndi mafoni awiri, amene analowa m'banjamo malemu atagona kale kumanda. Nkhope ya malemuyo mkamwiniyu ankangoidziwira pa chithunzi cha paukalamba, ndevu zitadya masaya onse.

Khoma loyang'ana kumsewu analiphimba ndi chinsalu chachikulu. Mayi akamadutsa ankaima n'kusuzumira m'mphepete, koma zingwe zinali zokoka zolimba.

"Apongozi, kuseri kwa nsaluyi mwabisako chiyani?"

"Ndi malemu, Mayi. Ndapeza chithunzi chawo chakale m'kabati ya muofesi, ndachikulitsa. Makasitomala adziwe kumene tinachokera."

"Bwanji ndichione kaye? Munthuyo ndinafunda naye bulangete limodzi."

"Mukachiona lero, tsikulo mudzalira chiyani?"

Ngakhale mkazi wake yemwe anamukaniza kuchiona. Amisiri akale amene anapala matabwa ndi malemu anali pomwepo, tsiku lililonse, koma munthu wa mafoni awiri angafunse chiyani kwa munthu wa utuchi m'tsitsi?

Mayi mtima unali dyokodyoko. Amuna awo ankathawa kamera ngati wapolisi. Nanga chithunzi chimenechi anawajambula ndani? Kodi mutu udakali ndi tsitsi? Kodi akumwetulira? Anasita chitenje chawo chabwino, n'kuika kampango m'chikwama kuti misozi ikabwera isawapeze chimanjamanja.

Tsikulo linafika. Tenti, zokuzira mawu, atolankhani, makasitomala atakhala pa mipando yokhomedwa momwemo. Makalendala okhala ndi chithunzi chomwecho anali mbwee m'makatoni, kudikira kugawidwa. Mkamwini analankhula mpaka anthu kuyasamula, kenaka anapereka chingwe kwa Mayi.

Anakoka. Nsalu inagwa.

Pakhoma panaima mnyamata wa suti yonyezimira, mano onse panja, pansi pake palembedwa kuti Woyambitsa Wathu. Anthu anaomba m'manja. Amisiri akale sanaombe. Mayi anavala magalasi, kuvula, kupukuta, kuvalanso.

Anali Chisuti. Chisuti yemwe uja anayamba naye ntchito malemu, n'kuwathawa chaka chovuta atanyamula makina ndi makasitomala omwe, n'kukatsegula shopu yake ya mipando tsidya la msewu womwewo. Paphewa la sutiyo panatsamira dzanja la munthu wina wosaoneka. Zala zinayi.

Mayi anasendera pafupi, n'kuloza.

"Apongozi, mwini dzanjali ali kuti?"

Chokuzira mawu chinali chisanazimitsidwe.

"Ameneyo ndi wantchito chabe, Mayi. Anali mu ovolosi yakuda ndi fumbi, amaipitsa chithunzi. Ndinauza osindikiza amudule."

"Macheka anamudula chala chimodzi, ndinalira. Inu mwadula munthu yense n'kundisiyira dzanja."

Mwana wawo wamkazi anayang'ana mwamuna wake ngati akumuona koyamba. Mtolankhani wina anali atajambula kale.

Tsidya la msewu, Chisuti wokalambayo anali pakhonde la shopu yake. Anayang'ana khoma nthawi yaitali, anaimirira pang'onopang'ono, n'kuvula chipewa kuthokoza. Makasitomala angapo anawoloka kukamugwira chanza, ena n'kulowa kukaona masofa.

Mkamwini anayamba kuimba mafoni onse awiri, thukuta lili kamukamu, kufunsa amene angatsitse chithunzi. Lero ndiye anadziwa kufunsa.

Mayi sanatulutse kampango kaja. Anapempha makwerero, anakwera okha masitepe awiri, n'kuika chikhatho chawo pa dzanja la zala zinayi lija.

"Mwaswera bwanji, bambo a ana," anatero motsitsa. "Phwando lanu adyera ena."

Pakamwa ndi paulere, ndipo wodziwa anali pakhomo pomwepo akupempha yekha kuti afunsidwe. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.