Ndege ya m'garaja ya a Laison

Ku Sparkhill, kutsidya kwa nyanja, anthu amasunga galimoto, njinga ndi mipando yothyoka m'magaraja mwawo. A Laison ankasungamo ndege. Masana bamboyu ankapereka mankhwala pachipatala china ku Bordesley Green, koma akangoweruka ankavala ovolosi n'kuyamba kugogoda. Akazi awo, a Eness, adali atatopa n'kupeza masipanala m'dirowa ya masipuni.

Injini adaichotsa m'galimoto yakale. Inali ya mtundu wa rotare, ija ilibe mapisitoni koma chitsulo cha ngodya zitatu chozungulira m'mimba mwake. Injini yotere ndi yopepuka ndiponso yanyonga, koma ndi ya mtima wapachala: ikangotentha mopyola muyeso, zake zada. Kuti ikwane kumphuno kwa ndege, a Laison adasuntha pampu ya madzi, nadutsitsa lamba woizungulitsa njira yawoyawo. Ataliza injini koyamba, muvi wa geji ya kutentha udakwera ngati nyani wothamangitsidwa m'munda. Adazimitsa msanga.

Loweruka lina kudabwera a Suzgo, injiniya wa masitima ku Wolverhampton, amene ndi achimwene a Eness. Adasuzumira m'injinimo, nakanda chibwano.

"Alamu, lambayu mwamudutsitsa kumsana kwa gudumu la pampu. Mwachekinga kuti pampuyi..."

"Ndikudziwa kale, alamu," adadula a Laison. "Vuto ndi rediyeta, siikuziziritsa madzi bwino. Inu zanu n'zokwawa pansi, izi n'zakumwamba."

A Suzgo adatenga kapu yawo, namwa tiyi.

A Laison adaika rediyeta yaikulu. Geji idakwerabe. Adasintha mapaipi, nachotsa mpweya m'madzi, koma muvi uja sudamve. A Suzgo atayeseranso kutsegula pakamwa, adalandira yankho lomwe lija. Potsiriza a Laison adapeza wolakwa: geji ndiyo inali yabodza. Adazula waya wake, muvi n'kugona pansi phee, mtima wawo n'kukhala m'malo.

"A bambo a Zoe," adatero a Eness, "mwana akatentha thupi, mankhwala ake n'kuswa chopimira?"

"Amayi, za makina tisiyireni ife."

Lamulungu lotsatira a Laison adaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza, naitana mpingo wonse kudzaona injini ikulira. Mapemphero atatha, anthu adadzaza msewu wa kwawo. Thupi la ndege, lopanda mapiko, adalikokera panja nalimangirira kuchipata. Amayi a kwaya adaima kutsogolo atavala zoyera mbee, mafoni m'mwamba. Abusa adapempherera ulendo umene unali usanayambe.

Injini idalira bwino zedi, anthu n'kuwomba m'manja, nthungululu kumveka mpaka ku Stratford Road. A Laison, atavala magalasi akuda ngakhale kunali mitambo, adawonjezera moto. A Suzgo adagwira mlongo wawo pamkono, nabwerera naye kumbuyo mwakachetechete.

Posakhalitsa kudamveka kafungo kotsekemera ngati shuga wopserera. Kenako paipi idaphulika, phuu! Madzi apinki oziziritsira injini adathovokera m'mwamba n'kugwa ngati mvula pa amayi a kwaya. Palibe adapsa, koma zoyera zija zidasanduka mawangamawanga ngati nkhanga. Abusa, amene ankadandaula za bondo chaka chonse, adalumpha mpanda wa aneba osaukhudza. Utsi woyera udaphimba msewu, injini idatsokomola, n'kukhala chete.

Anthu atabalalika, ozimitsa moto amene aneba adawaitana atapitanso, a Suzgo adavula jekete namasula pampu ija. Adaipukuta ndi nsanza, naloza kamuvi kosindikizidwa pachitsulo.

"Kamuvi aka kakuti pampu izizungulira chonchi. Lamba wanu amaizungulitsa chammbuyo. Madzi amangovina pamalo amodzi, injini ikupsa."

A Laison adayang'ana kamuviko nthawi yaitali. M'kati mwa injini zitsulo zinali zitapindika, madzi ndi oyilo zitasakanikirana ngati phala. Thukuta la zaka zonse lija linali litathera pamenepo.

"Nanga alamu, simukananena bwanji?" adafunsa ndi mawu otsika.

"Ndinkafuna kutero," adayankha a Suzgo, "koma ndidapeza mukudziwa kale."

A Eness adaseka mpaka kukhala pansi pakhomo. Sabata yonseyo a Laison adaithera pamakina ochapira, kulimbana ndi mayunifomu a kwaya, ndipo mpaka lero akalowa m'tchalitchi amayi aja amasendera kutali n'kunong'onezana kuti, "Konzani maambulera, a Kaputeni afika." Akuluakulu sadaname ponena kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.