Dimba la Sakhwi ndi Msuweni Wolawa

Kalekale, nyama zikadamanga nyumba moyandikana n'kumabwerekana makasu, padali Sakhwi. Ana inu senderani kuno, ndipo akuluakulu amene mukuti nthanoyi mukuidziwa, khalani chete tione ngati ndi yomweyo. Sakhwi mukum'dziwa, kanyama kaja konga mbewa, ka miyendo yoonda ndi mphuno yaitali yosakhazikika.

Sakhwi adali mkamwini. Mkazi wake adali Nangondo, mayi wabwino mtima koma wosabisa mawu. Pakhomo pawo ndiwo zidali chiswe. M'mawa chiswe, masana chiswe, kukabwera alendo chiswe chomwecho. Nangondo akalakalaka masamba ankatenga kambale n'kumayenda m'makomo a eni. Tsiku lina mayi wina adam'funsa pagulu ngati kwawoko dothi lidatha. Nangondo adabwerera ndi kambale kopanda kanthu, n'kuuza mwamuna wake kuti mvula ikadzagwa iye asanadye masamba a pakhomo pake, Sakhwi adzapeza mphasa yake ili panja, yokulunga kale.

Sakhwi adatenga khasu n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Kudali katondo wouma, wopondedwa chiyambire. Adagalauza, khasu lidangoti gwa, n'kudumpha. Adagalauzanso, gwa. Adangopalapasa pamwamba, n'kumwaza njere za mpiru, n'kuthirira dzuwa lili paliwombo. Zidamera zowerengeka, zoonda ngati tsitsi, ndipo dzuwa lidazipsereza zisanatulutse tsamba lachitatu.

Pafupi ndi chitsime pankakhala Chule, mayi wamasiye amene dimba lake linkakhala lobiriwira chaka chonse. Sakhwi adapita kukadandaula. Adati mwina angozembera kwa anthu akabeko feteleza wa m'thumba ndi mankhwala a m'botolo, zinthu zifulumire. Chule, amene ankaseka poyamba, adaleka kuseka. Adati mwamuna wake adafa atadya mbozi imodzi yokha m'munda wopopera mankhwala otero.

"Iwe ndi ine timadya tizilombo," adatero Chule. "Ukathira poizoni m'dimba, wathira m'mbale mwako. Yamba wadyetsa dothi, dothilo ndilo lidzakudyetsa."

Adamuuza kuti aunjike mapesi, masamba ouma, udzu wauwisi, ndowe, phulusa ndi makoko a kukhitchini, azithirira, azitembenuza, mpaka muluwo usanduke manyowa akuda. Sakhwi adafunsa kuti zimenezo zitha liti. Chule adati zidzatha fungo loipa likadzachoka, mulu n'kuyamba kununkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Adamuuzanso kuti asachite dyera: ayambe ndi bedi limodzi loti angathe kulithirira, njere afese pa nazale pamthunzi, zikakula awokere, pansi aphimbire ndi udzu kuti chinyezi chisathawe.

Ntchito imeneyi, abale anga, imatopetsa ndi munthu wamkulu yemwe, nanga kanyama kolowa m'dzanja? Sakhwi ankalondola njira ya Njati n'kumagubuduza ndowe mpaka kunyumba. Nangondo ankatseka mphuno n'kumati adapempha masamba, osati khola. Madzi ankatungira m'chigoba cha nkhono, kupita kuchitsime, kubwera, kupita, kubwera. Pokumba bedi limodzi lokha m'manja mudatuluka matuza. Koma manyowa adapsa, mbande zidagwira, ndipo m'mawa wina kuseri kwa nyumba kudali biriwiri. Nangondo adaima n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adayamba kusinja nsinjiro.

Tsiku lomwelo padamveka odi wa mawu aakulu. Adali Nguluwe, chinyama cha mimba yokwekwereza pansi, chimene chidakhala moyandikana nawo zaka zonsezo osaperekapo moni.

"Odi kuno kwa asuweni anga."

Sakhwi adacheuka kufuna kuona amene akuitanidwa, koma padalibe wina. Adafunsa mwaulemu kuti chibale chimenechi chidayambira pati. Nguluwe adati asavutike ndi kufufuza, angoyang'ana mphuno. Yake yaitali, ya Sakhwi yaitali, magazi sanama. Tsono mukudziwa mwambo wa chisuweni. Msuweni amalowa m'nyumba mwako, amatenga chimene wafuna, amakuseka, ndipo ukakwiya wolakwa ndiwe.

"Ndingolawa," adatero Nguluwe.

Khwasu, khwasu, khwasu. Atamaliza kulawa, pabedi padatsala mapazi ake okha. Adanyambita milomo n'kulangiza Sakhwi kuti ulendo wina azidzala wambiri, chifukwa dimba laling'ono limachititsa manyazi pachibale. Nangondo adabweza nsinjiro zake m'nyumba, chitseko adachitseka mwamphamvu.

Mwamwayi pa nazale padatsala mbande. Sakhwi adawokeranso, adawonjezera bedi la tomato, n'kumanga mpanda wa mapesi. Masamba atakula, odi uja adamvekanso. Nguluwe adayamikira mpandawo kuti ndi wokongola, kenaka adatembenuka n'kuyamba kudzikhula pamenepo. Thupi lake lidali nsabwe zokhazokha, ndipo ankadzikanda pa chilichonse choimirira, mpaka khungu lidali mikwingwirima ndi tizilonda. Kwecha, kwecha, kwecha, mpanda uja gubudu. Nguluwe adati poti khomo latseguka lokha, kungakhale kunyoza kubwerera panja.

Sakhwi adathamanga n'kum'lozera bonongwe amene adamera yekha m'mbali, wambiri, wonona, n'kumuuza kuti adye yenseyo. Nguluwe sadam'yang'ane n'komwe. Adati chopatsidwa mosavuta sichikoma. Maso ake adali pa tomato amene Sakhwi adaima kutsogolo kwake atatambasula timanja. Adam'kankha ndi mphuno pang'ono chabe, Sakhwi n'kukagwera pa mulu wa manyowa.

"Ndingolawa, asuweni."

Zidapitirira choncho ndi chilichonse chimene Sakhwi ankadzala. Sakhwi akabisa dzungu pansi pa udzu, Nguluwe ankafuna dzungu lomwelo. Akati therere silinakhwime, ankadya therere lomwelo. Ngakhale chingwe chomangira tomato adachitafuna, chifukwa choti Sakhwi adati chimenecho chokha asachikhudze. Sakhwi adapitanso kwa Chule atakwiya, koma Chule adati iye amadziwa za dothi, za asuweni sadziwa. Kumwamba mitambo idayamba kusonkhana masana, ndipo Nangondo adayamba kumayang'ana mphasa ija ndi diso losakondweretsa.

Padatsala bedi limodzi la mpiru, limene Nguluwe ankalidikira kuti likule. Ndiye ngati mavuto adali ochepa, masamba ake adayamba kukwinyika. Sakhwi atatembenuza tsamba adapeza nsabwe za m'masamba zitangoti mbuu. Adayesa kuzidya yekha mpaka mimba idatupa, koma m'mawa mwake zidali zochuluka kuposa dzulo. Apa Chule adali ndi yankho. Adati asinje masamba a nimu, tsabola wa kambuzi ndi adyo, aviike m'madzi zigonere, asefe, kenaka asungunule ndi madzi ambiri asanawaze, chifukwa akapanda kutero awotcha ndi mpiru womwe.

Sakhwi ali mkati mosinja, kadontho kamodzi kadathethekera m'mphuno mwake. Adayetsemula, adagubuduka, adakwirira mphuno m'dothi, misozi ili chuchuchu. Moto utazilala adakhala tsonga. Chapatali ankamva kwecha, kwecha, Nguluwe akudzikhula pa mtengo wa eni. Sakhwi adamvetsera nthawi yaitali, kenaka adalowa m'nyumba n'kupempha Nangondo mbiya yake yaikulu yofululira mowa, ndi kambuzi yense amene adayanika padenga. Nangondo adafunsa ngati dzuwa lamulowa m'mutu. Sakhwi adam'nong'oneza pang'ono. Mayiyo adam'yang'ana, n'kutenga munsi iye mwini.

Adasinja tsiku lonse, nkhope atazitembenuzira kumbali. Mbiya adaikunkhunizira pakati pa katondo uja adakanika khasu, n'kuidzaza, n'kuvundikira ndi lichero. Sakhwi adatapako pang'ono n'kusungunula bwino monga adanenera Chule, n'kuwaza mpiru wake dzuwa litapepa. Zotsala mu mbiya sadathiremo madzi ena ngakhale pang'ono.

Kutacha Nguluwe adafika. Adapeza Sakhwi ataima kutsogolo kwa mbiya, timanja atatambasula. Mpiru sadauyang'anenso. Adafunsa chimene chidali mu mbiyamo.

"Mankhwala a nsabwe," adatero Sakhwi.

Makutu a Nguluwe adaima. Adafunsa ngati amaphadi. Sakhwi adathyola tsamba n'kumuonetsa nsabwe zitauma, zikuyoyoka zokha.

"Koma ndi a nsabwe za mpiru, asuweni. Si a inu. Amawawa kwambiri, ndipo ndi ochepa, sindingakugawireni."

Nguluwe adaseka mimba mpaka kugwedezeka. Adati omana onse amalankhula choncho, chokoma amati n'chowawa, chambiri amati n'chochepa. Nsabwe ndi nsabwe, kaya zili pa tsamba kaya pa msana. Adafunsanso kuti ndi msuweni wamtundu wanji amene amaona mbale wake akudzikanda chaka chonse, mankhwala n'kumakapatsa ndiwo.

"Ine ndakana," adatero Sakhwi. "Nangondo, wamva kuti ndakana?"

Nangondo adayankha ali pakhonde kuti wamva, ndipo akafunsidwa adzachitira umboni.

Nguluwe adakankha Sakhwi, adakankha lichero, adagubuduza mbiya. Madzi obiriwira adati khuthu pa katondo. Iye adadzigwetsa momwemo, chagada, cham'mbali, chafufumimba, mphuno n'kuimiza kuti pasatsale potsalira. Poyamba adangomva kuzizira. Adatsinzina n'kunena kuti asuweni ake ndi abodza, mankhwalawa ndi ozizira bwino ngati madzi a mumtsuko.

Kenaka kambuzi adapeza tizilonda tija.

Nguluwe adatsegula diso limodzi. Mchira udaima njo. Adati pali kanthu kakum'tsina pamsana, kenaka pamimba, kenaka paliponse. Adalira kulira kumene kudadzutsa mbalame za m'dambo. M'mphuno mudali moto, ndipo pofuna kuuzimitsa adaizika m'dothi n'kuyamba kufukula. Fuku, fuku, fuku, kupita uko. Fuku, fuku, fuku, kubwerera kuno. Katondo amene adadumphitsa khasu la Sakhwi ankangogalauzika ngati ufa. Adagubuduka n'kuphwanya zibuma, adapalasa ndi miyendo yonse, ndipo chifukwa cha ululu m'mimba namo mudamasuka, n'kusiya manyowa apa ndi apo. Sakhwi adakwera pa chulu n'kumam'langiza mwachifundo kuti cha kumpandako dothi likuoneka lozizirapo, ayese kumeneko. Nguluwe adafukulanso kumeneko. Pomaliza adaliyatsa liwiro la kudambo, n'kudziponya m'thope, phava, ndipo adakhala momwemo mpaka dzuwa kupendeka.

Sakhwi adatsika pa chulu n'kuyendera malo aja. Adali olimidwa kuchokera kukhonde mpaka kumalire. Iye ndi Nangondo adasalaza, adathira manyowa, adathirira kwambiri kuti ukali wa tsabola utsike, ndipo patapita masiku adawokera mpiru, tomato ndi therere. Mpanda adaumanganso, ndipo masese a mu mbiya adawapaka pa mapesi onse kuzungulira.

Nguluwe atachira, njala idam'kumbutsa njira. Adafika chapafupi, mphepo n'kum'bweretsera fungo la adyo ndi nimu. Khungu lonse lidachita tsemwe. Adabwerera chambuyo osagogoda, ndipo adayenda mudzi wonse kuuza aliyense kuti Sakhwi adatchera chambu, mankhwala ogwira akuba, m'dimba mwake, wolowamo amapsa wamoyo. Nyani ndi Pusi, amene adali atapangana kale zodzacheza tomato akapsa, adasintha maganizo. Ena akam'funsa Sakhwi ngati nkhani ya chambu ndi yoona, iye ankangogwedeza mphuno n'kufunsa za kunyumba. Nsabwe za Nguluwe zidafadi zonse, koma mpaka lero sadapite kukathokoza.

Mabingu oyamba akugunda, Nangondo adathyola mpiru wodzaza lichero, adatsuka, n'kutendera. Sakhwi adakhala pansi, msana ukuwawa, m'manja muli zikang'a, kudikira mawu okoma. Nangondo adatafuna, adameza, adatapanso. Kenaka adati ndiwozo zili bwino ndithu, koma dimba lanji lopanda anyezi?

Sakhwi adayang'ana kumwamba, adayang'ana mkazi wake, adatsiriza kudya, n'kukafunsa Chule kafesedwe ka anyezi.

Ndiye ana inu, ndi akuluakulu omwe amene mwayamba kuyang'ana pansi, mukakhala ndi mnansi wolanda chilichonse chimene mwam'mana, musataye nthawi kukangana naye. Muzingosankha bwino chom'mana. Nthano yanga ndaizula ndi mizu yomwe, yathera pompa, ndipo amene ali ndi mbande zofota apite akathirire.